Zaka za Nyenyezi ndi Anthu Amene Anayesa Kuziwerenga

Mu 1862 William Thomson, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Glasgow amene pambuyo pake anadziwika kuti Lord Kelvin, analemba nkhani yofunsa kuti dzuwa lawala kwa nthawi yaitali bwanji. Funsoli silinali lachibwana. Iye anali mmodzi wa anthu amene anakhazikitsa lamulo loti mphamvu siichokera pachabe, choncho chilichonse chotentha chili ndi chimene chikuchikolezera, ndipo chimenecho tsiku lina chidzatha. Dzuwa likanakhala mulu wa malasha likanapsa n'kutheratu m'zaka masauzande owerengeka. Ena ankati miyala yogwera m'dzuwa ndiyo imasonkhezera motowo, koma masamu anakana. Yankho limene linatsala linali la Hermann von Helmholtz wa ku Germany, amene mu 1854 ananena kuti dzuwa limawala chifukwa likudzifinya lokha: kulemera kwake kumakokera zonse pakati, ndipo kufinyikako kumabala kutentha. Kelvin atawerengera anati dzuwa mwina silinawale zaka zopitirira 100 miliyoni, ndipo m'zaka zotsatira anatsitsabe chiwerengerocho mpaka kufupi ndi 20 miliyoni.

Akatswiri a miyala sanakondwe nazo. Iwo ankaona mmene mitsinje imadyera mapiri pang'onopang'ono, ankayeza miyala yosanjikizana, n'kumati ntchito yotere singathe m'zaka 20 miliyoni. Charles Darwin, m'buku lake la mu 1859, anali atayerekeza kuti kukokoloka kwa dera la Weald kumwera kwa England kunatenga zaka pafupifupi 300 miliyoni, ndipo anthu atamutsutsa kwambiri anachotsa chiwerengerocho m'mabuku osindikizidwa pambuyo pake. Osimba nkhaniyi masiku ano ena amamuonetsa Kelvin ngati nkhalamba youma mutu. Ine sindigwirizana nawo. Masamu ake anali olondola malinga ndi zimene zinkadziwika, ndipo mwiniwake analemba kuti zonsezi zingasinthe ngati kuli gwero lina la mphamvu limene anthu sanalitulukire. Gwerolo linalipodi.

Mu 1896 Henri Becquerel ku Paris anapeza kuti yureniyamu imatulutsa cheza payokha. Sipanatenge nthawi kuti zidziwike kuti yureniyamuyo imasanduka mtovu pa liwiro losasintha, kutenthe kapena kuzizire, moti theka la mtundu wake wochuluka limatha pa zaka 4.47 biliyoni. Mu 1907 Bertram Boltwood wa ku America anayeza kuchuluka kwa mtovu ndi yureniyamu m'miyala, n'kupeza ina yopitirira zaka biliyoni imodzi. Apa ndi pamene panabuka kusagwirizana koyamba: miyala ya padziko inaoneka yakale kuposa dzuwa limene dzikolo limazungulira. Kusagwirizana kwa mtundu umenewu kunabweranso kawiri m'mbiriyi, ndipo nthawi iliyonse ndi kumene kunakankhira anthu patsogolo.

Pa nthawi yomweyo, pa malo oonera zakuthambo a Harvard, gulu la amayi olembedwa ntchito ndi Edward Pickering linkagwira ntchito yotopetsa maso pa malipiro ochepa. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa m'galasi la makona atatu kumamwazika m'mitundu yosiyanasiyana, ndipo m'mitundumo mumaoneka timizere takuda. Williamina Fleming, Antonia Maury ndi Annie Jump Cannon ankayang'ana timizereti pa zithunzi za galasi n'kuika nyenyezi m'magulu. Ndondomeko ya Cannon, ya zilembo O, B, A, F, G, K ndi M, ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo imayala nyenyezi kuyambira zotentha kwambiri zooneka zabuluu mpaka zozizirirapo zofiira. Kaundula wa Henry Draper, amene anatuluka pakati pa 1918 ndi 1924, anali ndi nyenyezi zoposa 225,000. Popanda ntchito ya amayiwa, zonse zimene zikutsatirazi zikanasowa poima.

Ejnar Hertzsprung wa ku Denmark mu 1911, ndi Henry Norris Russell wa ku Princeton mu 1913, aliyense payekha anajambula tchati choika kutentha kwa nyenyezi mbali imodzi, kuwala kwake kwenikweni mbali inayo. Nyenyezi sizinamwazike chisawawa. Pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zinandanda pa mzere umodzi wopendekeka, kuchokera ku zabuluu zowala mpaka ku zofiira zozilala. Russell anaganiza kuti mzerewo ndi njira: nyenyezi imabadwa yaikulu ndi yofiira, imafinyika n'kutentha, kenako imatsetsereka ndi mzerewo ikamazizira. Zikanakhala choncho nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa malo a nyenyezi pa mzerewo akanatiuza zaka zake. Koma sizinali choncho. Mzere waukuluwo si njira yoyendamo. Ndi pamene nyenyezi imakhazikika mbali yaikulu ya moyo wake, ndipo chimene chimaipatsa malo ndi kulemera kwake.

Kuti zimenezi zimveke, panafunika kudziwa chimene nyenyezi imadya. Mu 1920 Francis Aston ku Cambridge anayeza n'kupeza kuti atomu imodzi ya hiliyamu ndi yopepukirapo kuposa maatomu anayi a haidrojeni, kusiyana kwake kosakwana 1 peresenti. Chaka chomwecho Arthur Eddington, polankhula pa msonkhano wa asayansi ku Cardiff, anati kachigawo kosowako kamasanduka mphamvu monga mwa lamulo la Einstein, ndipo ndi kamene kamayatsa nyenyezi. Koma kodi m'nyenyezimo haidrojeni ndi wochuluka? Ambiri ankakhulupirira kuti dzuwa linapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za padziko. Mu 1925 Cecilia Payne, mtsikana wa ku England wophunzira ku Harvard, anasonyeza kuti nyenyezi kwenikweni ndi haidrojeni ndi hiliyamu. Russell anamuuza kuti zimenezo sizingatheke, ndipo iye anakakamizika kulemba m'buku lake lomwe kuti zotsatirazo mwina si zenizeni. Patapita zaka zinayi Russell yemweyo anafika pa yankho lomwelo. Mu 1939 Hans Bethe anafotokoza ndondomeko yonse ya mmene haidrojeni amasandukira hiliyamu pakati pa nyenyezi. Pakati pa dzuwa, pamene kutentha kumafika madigiri 15 miliyoni, matani pafupifupi 600 miliyoni a haidrojeni amasandulika pa sekondi iliyonse, ndipo pa liwiro limenelo dzuwa lili ndi zokwanira zaka pafupifupi 10 biliyoni. Mkangano wa Kelvin ndi akatswiri a miyala unathera apa.

Chimodzi chimene chinatuluka m'masamuwa n'chakuti nyenyezi yolemera imafa msanga. Yolemera kakhumi kuposa dzuwa imawala kuwirikiza masauzande, choncho imamaliza haidrojeni wake m'zaka mamiliyoni makumi ochepa. Betelgeuse, nyenyezi yofiira ija imene ili pafupi ndi Akamwiniatsatana, ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha koma yayandikira kale mapeto ake. Yopepuka imadya mosinira, imakhalitsa.

Apa ndiye pagona vuto lenileni, ndipo mpaka pano silinathe. Kudziwa kuti nyenyezi idzakhala zaka 10 biliyoni si kudziwa kuti yakhala zaka zingati. Pamene ili pa mzere waukulu uja, nyenyezi imasintha pang'ono kwambiri. Dzuwa litangobadwa linkawala pafupifupi 70 peresenti ya mmene likuwalira lero, kutanthauza kuti zaka zoposa 4 biliyoni zinangobweretsa kusintha kochepa chotero. Kusintha ngati kumeneko kungabisike mosavuta. Nyenyezi ikaoneka yowalirapo, mwina ndi yakale, mwina ndi yolemererapo pang'ono, mwina ili ndi chitsulo chochepa m'thupi mwake, kapena taiyeza molakwika kutalika kwake, kapena fumbi la m'mlengalenga latiphimba maso. Kulemera, kutentha ndi mtunda zimayezedwa. Zaka siziyezedwa, zimachita kuwerengeredwa kuchokera ku zinthu zina, podalira chithunzi cha m'masamu cha mmene mkati mwa nyenyezi mulili, mkati mmene palibe anaonamo.

Njira yoyamba yodalirika inachokera ku magulu a nyenyezi. Agogo ambiri kwathu kuno analibe chikalata cha kubadwa, koma zaka zawo zinkapezeka pofunsa kuti anavinidwa ndi yani, kapena anali msinkhu wanji pa njala ya 1949. Munthu mmodzi sadziwika, koma anzake a msinkhu umodzi amamuulula. Nyenyezi za m'gulu limodzi zinabadwa mu mtambo umodzi wa mpweya, pa nthawi imodzi, ndi zipangizo zofanana, ndipo zili pa mtunda umodzi kuchokera kuno. Chimene chimazisiyanitsa ndi kulemera kokha. Zolemera kwambiri zimayamba kuchoka pa mzere waukulu n'kusanduka zimphona zofiira, kenako zotsatira zake, motero mzerewo umanka nufupika kuchokera kumtunda. Pamene mzerewo wakhotera ndi pamene pali nyenyezi zimene zikumaliza haidrojeni wake pakali pano, ndipo utali wa moyo wa nyenyezi zimenezo ndiwo zaka za gulu lonse. Nsangwe zikadali ndi nyenyezi zabuluu zowala, chizindikiro choti ndi zazing'ono. Gulu la 47 Tucanae, limene kumwera kuno limaoneka ndi maso usiku wamdima, linataya zabuluu zake kalekale.

Mu 1942 Mário Schenberg wa ku Brazil ndi Subrahmanyan Chandrasekhar anasonyeza kuti nyenyezi imayamba kuchoka pa mzerewo hiliyamu wa pakati pake akafika pafupifupi chakhumi cha kulemera kwake. Patatha zaka khumi, Allan Sandage, mnyamata wophunzira ku California, anajambula gulu la M3 ndi matelesikopu akuluakulu a Mount Wilson ndi Palomar, mpaka kufika pa nyenyezi zozilala zimene zili pokhotera paja. Iye ndi Martin Schwarzschild, kenako Schwarzschild ndi Fred Hoyle mu 1955, anawerengera njira imene nyenyezi yokalamba imayenda pa tchati chija, ndipo magulu akalewa anapezeka ndi zaka pafupifupi 5 biliyoni. Koma liwiro la kufutukuka kwa chilengedwe limene Edwin Hubble anapeza mu 1929 linkapereka zaka zosakwana 2 biliyoni za chilengedwe chonse. Uku kunali kusagwirizana kwachiwiri, ndipo panopa olakwa sanali a nyenyezi. Pa msonkhano wa ku Rome mu 1952 Walter Baade analengeza kuti mitunda ya milalang'amba inayezedwa mochepa ndi theka, chifukwa mitundu iwiri ya nyenyezi zophethira inasokonezedwa. David Thackeray wa ku Radcliffe Observatory ku Pretoria anaimirira pamsonkhano pomwepo n'kutsimikizira zimenezo ndi zimene iye ndi Adriaan Wesselink anaona mu mlalang'amba waung'ono wa Magellan. Mu 1958 Sandage anakonzanso mitundayo, chilengedwe n'kukula msinkhu kuwirikiza kangapo.

Nyenyezi imodzi yokha, dzuwa, ndi imene zaka zake timazidziwa bwinobwino, ndipo sitinazidziwe poiyang'ana. Tinazidziwa ndi mwala. Clair Patterson wa ku Caltech anatha zaka akulimbana ndi mtovu wa m'fumbi, m'madzi ndi m'mpweya umene unkaipitsa zoyeza zake, mpaka anamanga chipinda choyera mwapadera. Mu 1956 analengeza kuti dziko ndi miyala yogwa kuchokera kumwamba zili ndi zaka 4.55 biliyoni. Ntchito yomweyo inamuonetsa kuchuluka kwa mtovu umene petulo ankamwaza m'mpweya, ndipo anathera mbali yaikulu ya moyo wake akumenyera kuti uchotsedwe. Pa 8 February 1969 mwala waukulu unagwa pafupi ndi mudzi wa Allende kumpoto kwa Mexico, ndipo timadontho toyera topezeka m'miyala ya mtundu umenewo tili ndi zaka 4.567 biliyoni. Timeneti ndi tinthu toyamba kuuma mu mtambo umene unabala dzuwa. Masamu onse a mkati mwa nyenyezi amayesedwa kaye pa dzuwa: akalephera kutulutsa kuwala ndi kukula kwa dzuwa pa zaka zimenezi, amakonzedwa mpaka atero. Choncho zaka za nyenyezi iliyonse imene mungawerenge m'buku zatsamira pa timadontho timeneti.

Nanga nyenyezi yokhala yokha, yopanda gulu? Zambiri n'zotero, chifukwa magulu ambiri amabalalika. Mu 1972 Andrew Skumanich analemba kankhani kafupi koyerekeza Nsangwe, gulu la Hyades ndi dzuwa, n'kuona kuti nyenyezi zimazungulira pang'onopang'ono zikamakula. Chifukwa chake n'chakuti nyenyezi imatulutsa mphepo ya tinthu tamagetsi, ndipo mphamvu yake ya maginito imagwira mphepoyo n'kumachedwetsa kuzungulirako. Nyenyezi zonga dzuwa za mu Nsangwe zimatembenuka m'masiku ochepa, pamene dzuwa limatenga masiku pafupifupi 25. Sydney Barnes mu 2003 anaikonza njirayi kukhala ndondomeko yeniyeni, ndipo telesikopu ya Kepler, imene inaponyedwa m'mlengalenga mu 2009, inatha kuyeza kuzungulirako poona mawanga akuda akudutsa pankhope ya nyenyezi. Mu 2015 gulu la NGC 6819, la zaka 2.5 biliyoni, linagwirizana bwino ndi lamulolo. Chaka chotsatira Jennifer van Saders ndi anzake anapeza kuti nyenyezi zikafika cha pamsinkhu wa dzuwa, kuchedwa kuja kumafooka. Wotchiyi imayenda bwino pa ubwana ndi pa unyamata wa nyenyezi, koma imayamba kunama pamene tikuifuna kwambiri.

Lithiyamu naye amathandiza pa magulu aang'ono, chifukwa amapsa pa madigiri pafupifupi 2.5 miliyoni ndipo tinyenyezi topepuka kwambiri timachedwa kufika pamenepo. Njirayi inapatsa Nsangwe zaka pafupifupi 125 miliyoni mu 1998, zambiri kuposa zimene pokhotera paja pankapereka, ndipo zinathandiza kutsimikiza kuti mkati mwa nyenyezi zolemera mumatakasika kuposa mmene masamu akale ankanenera. Tinyenyezi toyera totsala nyenyezi ikafa timazizira pa liwiro limene Leon Mestel anawerengera mu 1952, choncho tozizira kwambiri timauza zaka za dera limene tili.

Kusagwirizana kwachitatu kunafika m'zaka za m'ma 1990. Magulu akale a mu Mlalang'amba wathu ankapatsidwa zaka 15 kapena 16 biliyoni. Mu 1994 Wendy Freedman ndi anzake, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble, anayeza mtunda wa mlalang'amba wa M100, ndipo zotsatira zake zinkasonyeza chilengedwe cha zaka 8 mpaka 12 biliyoni. Ulendo uno mbali zonse ziwiri zinali ndi mlandu. Mu 1997 zoyeza za setilaiti ya Hipparcos zinasonyeza kuti magulu aja ali patali kuposa mmene ankaganizira, choncho nyenyezi zake za pokhotera n'zowala ndi zolemera kwambiri, ndiye kuti n'zocheperako zaka: 12 kapena 13 biliyoni. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kufutukuka kwa chilengedwe kukuonjezera liwiro, zimene zikutanthauza kuti chilengedwe n'chakale kuposa mmene masamu oyamba ankanenera. Lero chiwerengero chovomerezeka ndi zaka 13.8 biliyoni. Ndimaona kuti anthu a nyenyezi sapatsidwa ulemu wokwanira pa nkhaniyi: kukana kwawo kutsitsa zaka za magulu aja mpaka 8 biliyoni kunali umboni umodzi woti m'chithunzi cha chilengedwe munkasowa kanthu kena.

Yureniyamu ya Boltwood inafikanso kumwamba. Mu 2001 Roger Cayrel ndi anzake, ndi telesikopu yaikulu ya ku Paranal ku Chile, anaona kamzere kozilala ka yureniyamu m'nyenyezi yakale ya CS 31082-001, n'kupeza zaka 12.5 biliyoni, kuonjeza kapena kuchotsa 3 biliyoni. Mu 2007 Anna Frebel anapeza zaka 13.2 biliyoni pa HE 1523-0901. Ubwino wa njirayi ndi woti sidalira masamu a mkati mwa nyenyezi. Kuipa kwake n'koti palibe amene anayeza yureniyamu imene nyenyeziyo inabadwa nayo, ndipo nyenyezi zoonetsa kamzereko n'zochepa zedi.

Mawu oti "kuonjeza kapena kuchotsa" ndi amene amatayika nkhani zoterezi zikafika m'nyuzipepala, ndipo zimandipweteka, chifukwa m'mawu amenewo ndi mmene muli chilungamo cha ntchito yonseyi. Mu 2013 Howard Bond ndi anzake anayeza HD 140283, nyenyezi imene anthu anaitcha Methuselah, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 200 kuti kufike kuno. Anapeza zaka 14.46 biliyoni, kuonjeza kapena kuchotsa 0.8 biliyoni. Mitu ya nkhani inati kwapezeka nyenyezi yakale kuposa chilengedwe. Olemba kafukufukuyo sananene zimenezo, chifukwa 13.8 imalowa mu mpata umene anapereka, ndipo anafotokoza kuti kusintha pang'ono kwa okosijeni woyerekezedwa m'nyenyeziyo kumatsitsa zaka zake. Owerengera pambuyo pake apeza ziwerengero zocheperapo, ena pafupifupi 12 biliyoni.

Njira imene yayandikira kwambiri kuona mkati ndi ya kunjenjemera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Robert Leighton anapeza kuti nkhope ya dzuwa imakwera ndi kutsika pa mphindi zisanu zilizonse. Awa ndi mafunde a mawu oyenda m'kati mwa dzuwa, ndipo liwiro lawo limasintha malinga ndi zimene akudutsamo. Haidrojeni wa pakati akamasanduka hiliyamu, mafunde ofika pakatipo amachedwa, choncho kunjenjemerako kumaulula kuchuluka kwa chakudya chimene chadyedwa kale. Kuti dzuwa lisawalowere, akatswiri a ku Birmingham anaika makina kuzungulira dziko lonse, ena mwa iwo ku Sutherland ku South Africa, ndipo zaka za dzuwa zopezeka mwa njirayi zinagwirizana ndi za m'miyala ija. Kepler anachita zomwezo pa nyenyezi zina zambiri: mu 2015 nyenyezi ya Kepler-444, yokhala ndi mapulaneti asanu ang'onoang'ono, inapezeka ndi zaka 11.2 biliyoni, kuonjeza kapena kuchotsa biliyoni imodzi. Kulakwitsa kwa pafupifupi 10 peresenti pa nyenyezi imodzi yokhala payokha ndi chipambano chachikulu m'ntchitoyi. Komabe ngakhale pa dzuwa pali mkangano: kuyambira cha m'ma 2004, okosijeni woyezedwa m'kuwala kwake wakhala wosagwirizana bwino ndi amene kunjenjemera kumafuna.

Ndipo njira zonsezi zimafooka pa nyenyezi zimene zili zochuluka koposa. Pafupifupi zitatu mwa nyenyezi zinayi zilizonse za mu Mlalang'amba wathu ndi tinyenyezi tofiira tozilala, tosaoneka ndi maso, tokhala zaka mabiliyoni mazanamazana kapena kuposa. Chiyambire chilengedwe palibe kamodzi kamene kachoka pa mzere waukulu, ndipo ka zaka 2 biliyoni kamafanana ndi ka zaka 10 biliyoni. Koma ndi tomwetinso timene tapezeka ndi mapulaneti ambiri amiyala onga dziko lathu. Wofufuza zamoyo pa mapulaneti amenewo ayenera kudziwa ngati pulaneti lakhala nthawi yokwanira, komanso ngati nyenyezi yake inadutsa kale msinkhu wolavula malawi okokolola mpweya. TRAPPIST-1, imene ili ndi mapulaneti asanu ndi awiri, inayesedwa mu 2017 ndi Adam Burgasser ndi Eric Mamajek. Anasonkhanitsa lithiyamu, kuzungulira, malawi, chitsulo ndi mayendedwe ake mu Mlalang'amba, ndipo zonsezo pamodzi zinangotha kunena kuti ili pakati pa zaka 5.4 ndi 9.8 biliyoni.